KU LIMBULI: ULENDO WA MUNTHU WOTHYOKA MSANA

Kodi munafikako ku Limbuli? Ngati simunafike, kwerani galimoto pa Limbe, mudzere mseu wa Midima kapena wa ku Thyolo, mupitirire pa Chitakale ndi pa boma la Mulanje, phiri liri ku dzanja lanu lamanzere. Kuchokera pa bomapo kufikira ku malire a Muloza pali makilomita ngati 30, ndipo mbali yaikulu ya njirayo muyenda pakati pa minda ya tiyi yobiriwira, yosalala pamwamba ngati mutu wa mwana amene wangometedwa kumene. Mukaona kuti njinga zayamba kuchuluka mu mseu kuposa anthu oyenda pansi, dziwani kuti mwayandikira.

Pa Limbuli ndi pa msika. Tsidya la mtsinje wa Muloza ndi dziko la Mozambique ndi tauni ya Milange, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, ambiri a iwo Alomwe, okwatirana ndi kuikana maliro. Chimanga, nyemba ndi nandolo zochokera tsidyalo zifikira pa msika umenewu, ndipo malole a ku Blantyre adzazitenga pomwepo. Chimene chidzakudabwitsani ndi njinga. Mnyamata mmodzi amanga matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50 pa njinga imodzi, lina pa keliyala, lina pakati pa felemu, nakankha chitunda thukuta liri kamukamu. Masiku ano kwabweranso njinga zamoto za kabaza, zimene akulu akale ankati mthuthuthu, ndipo zithamanga pakati pa malole ndi anthu ngati mseu ngwao okha. M'midzi ya kuseri kwa msika muli mitengo yaitali ya mango ndi mapeyala, imene ana ndi akulu omwe akwera ikafika nyengo yache.

Zonsezi ndi chuma cha Limbuli, ndipo sitizinyoza ai. Koma lero tifuna kuti muzione ndi maso a dotolo. Thumba lolemera la pamutu, njinga yogundidwa ndi lole, nthambi ya mango yothyoka, chipupa chogwa ndi mvula monga zinagwera zambiri m'boma la Mulanje ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, izi ndizo njira zimene munthu wa kumudzi athyokera khosi kapena msana. Tiyeni tsono timtsate munthu wotere kuchokera pamene wagwera mpaka ku Blantyre ndi kubwerera kwao, tione anthu amene adzamgwira, ndi chimene aliyense wa iwo ayenera kukhala ataphunzira.

KACHINGWE KOYERA

Inu amene musenda mbuzi mudziwa kuti mukadula fupa la msana mupeza m'kati mwache kachingwe koyera, kofewa ngati ubongo. Munthunso ali nako. Katuluka ku ubongo nikatsika m'kati mwa mafupa a msana, amene ali osanjikizana ngati mikanda: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa, 5 a m'chiuno, ndi ena ogwirana kunsi kwache. Kachingwe kameneka tikatche mtsempha wa msana. Ndiwo unyamula mau onse pakati pa mutu ndi thupi. Mutu ukafuna kuti mwendo uyende, mau adzera m'menemo. Phazi likaponda munga, uthenga ukwera m'menemo. Chikhodzodzo ndi matumbo zomwe zimvera komweko.

Fupa lothyoka lilumikizika. Mtsempha wa msana ukaduka wonse sulumikizika, ndipo kufikira lero palibe dotolo pa dziko lapansi amene atha kuusoka. Ukabvulala m'chiuno kapena kumbuyo kwa chifuwa, ifa ndi miyendo. Ukabvulala m'khosi, manja omwe afooka, ndipo nthawi zina kupuma kubvuta. Koma kawirikawiri mtsemphawo suduka wonse pa ngozi. Ungopsinjika kapena kung'ambika mbali imodzi, ndipo munthu wotere angathe kudzapezanso mphamvu zina, ena mpaka kuyenda. Tsono anthu achifundo athamangira wobvulalayo, namdzutsa, namkhazika tsonga, namkoka miyendo kuti aongoke, kenaka namkweza pa kabaza, wina atamgwira kumbuyo. Fupa lothyoka lija lisuntha, nilimaliza kudula chimene ngozi inasiya.

Musatero. Munthu akagwa mu mtengo kapena pa njinga nadandaula khosi kapena msana, kapena akati miyendo yachita dzanzi, msiyeni chigonere. Mmodzi agwade ku mutu nagwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke. Ena azule chitseko kapena apeze thabwa lalikulu. Anthu 4 kapena 5 amtembenuze onse pamodzi ngati chipika, mutu, mapewa ndi chiuno ziri pa mzere umodzi, namgoneke pa chitsekocho. Ikani nsalu zopindapinda mbali zonse ziwiri za mutu, mummange ndi zitenje kuti asagubuduke, ndipo musampatse madzi kapena phala. Funani galimoto imene chitsekocho chingalowe chonse. Ndi bwino kuchedwa ola limodzi mukufuna galimoto yotere kusiyana ndi kufulumira pa njinga yamoto.

PA MULOZA, PA BOMA NDI KU GULUPU

Chipatala chaching'ono cha pafupi ndi Limbuli chiri pa Muloza. M'zipatala zotere m'dziko muno mukhala anamwino ndi othandiza dotolo, amene tsiku lonse aona malungo, amai apakati ndi ana a ku sikelo. Wothyoka msana sabwera tsiku ndi tsiku, koma akabwera, zimene achita amene amlandira pa ola loyambalo zitsata munthuyo moyo wache wonse: kuzindikira kuti bvuto liri mu msana, kulimbitsa khosi, kuika kapaipi kotulutsa mkodzo, ndi kumtumiza ali chigonere.

Pa boma pali chipatala cha Boma cha Mulanje, ndipo chapafupi pali Mulanje Mission cha mpingo wa C.C.A.P. M'zipatala za maboma nchito yaikulu ya mafupa aigwira anthu amene si madotolo akulu, koma anaphunzira za mafupa mwapadera. Sukulu yao anaiyambitsa Dr. Edward Blair mu 1985. Ankatenga othandiza dotolo amene agwira kale nchito nawaphunzitsa miyezi 18, ndipo pofika 2008 anali ataphunzitsa anthu 117. Nzeru imeneyi, yophunzitsa amene ali kale pakati pa anthu m'malo modikira akatswiri amene kulibe, tidzaitchulanso kutsogoloku.

Kodi dotolo adziwa bwanji pamene mtsempha wabvulala? Mungaganize kuti pafunika makina, koma chida chache choyamba ndi phini ndi kathonje. Akhudza khungu pa malo 28 mbali iri yonse ya thupi, kuyambira kuseri kwa mutu kutsika, nafunsa kuti, "Mukumva apa?" Ayesanso mphamvu ya minofu 10 mbali iri yonse, 5 ya dzanja ndi 5 ya mwendo. Potsiriza ayesa ndi kumalo kotulukira chimbudzi komwe. Musakwiye nazo zimenezi ngati kuti dotolo akuchita chipongwe, pakuti munthu akamva kumeneko ndiye kuti mtsempha sunaduke wonse, ndipo chiyembekezo chiripo. Kuyesa kumeneku sikufuna magetsi. Kufuna munthu amene anaphunzitsidwa, ndi pepala lolembapo kuti dotolo wa mawa adziwe ngati zikusintha.

Kuchokera pa Limbuli kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100. Kumeneko kuli Queen Elizabeth Central Hospital, chimene tonse tingochitcha Gulupu, chotsegulidwa mu 1958. Ajambula msana, ndipo madotolo a mafupa ndi a ubongo aona ngati achite opaleshoni yomanga mafupawo ndi zitsulo, kapena wodwala agone milungu 6 kapena kuposerapo kufikira fupa litagwirana lokha. Abale ambiri aika mtima wao wonse pa opaleshoniyo, ndipo akaona kuti yatha koma miyendo sikuyenda, ati madotolo alephera. Opaleshoni ilimbitsa fupa ndi kuchotsa chimene chikupsinja mtsempha; siilumikiza mtsempha woduka. Nchito yaikulu yopulumutsa munthuyo iyamba pamenepa.

CHIMENE CHIPHA SI FUPA AI

Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu a K.A.R. ndi amtengatenga anabvutika nayo, asilikari a ku America obvulala mtsempha wa msana ankafa 8 mwa 10 alionse pasanathe milungu yowerengeka. Ambiri sanafe ndi chipolopolo chenichenicho, koma ndi zilonda za pogona ndi matenda a mkodzo okwera ku impsyo. Madotolo a nthawi imeneyo ankangoti palibe chochita.

Mu February 1944 Boma la Britain linapatsa dotolo wina dzina lache Ludwig Guttmann, Myuda amene anathawa ku Germany mu 1939, chipinda cha obvulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Iyenso analibe mankhwala olumikiza mtsempha. Chimene anachita ndi kulamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola 2 alionse, usana ndi usiku, kuti mkodzo uzichotsedwa mwaukhondo pa nthawi yache, ndi kuti wodwala akangopeza mphamvu adzuke, alimbitse manja, aphunzire nchito. Anthu amene kale akadafa anayamba kukhala ndi moyo zaka zambiri. Pa 29 July 1948 anthu 16 a pa njinga za olumala anapikisana kuponya mibvi pa bwalo la chipatalacho, ndipo mpikisano umenewo ndiwo unabala masewera a Paralympics, amene anayamba ku Rome mu 1960. Taonani kuti zimene analamula Guttmann zifuna manja, wotchi ndi munthu wodziwa, ndipo zitheka ndi pa Limbuli pomwe.

Choyamba chimene dotolo wa nchitoyi aphunzira ndi khungu. Munthu wabwinobwino akagona, thupi limuuza lokha kuti atembenuke. Wakufa miyendo samva kanthu. Pamene fupa likanikiza khungu pa mphasa, kunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi ku zidendene, magazi aleka kuyenda, ndipo pa maola owerengeka mnofu uyamba kufa. Kunja muona kabanga kakuda kapena kofiirira, kotentha kapena kolimba pokakhudza, koma m'kati mwaonongeka kale. Chilonda chotere chiyamba usiku umodzi, kupola kwache chitenga miyezi, ndipo chikafika pa fupa chingaphe munthu. Chifukwa chache dotolo wodziwa safunsa chabe kuti, "Mwadzuka bwanji?" Abvundukula nsalu, namtembenuza wodwala, naona ndi maso ache.

Chachiwiri ndi mkodzo. Chikhodzodzo chosamva chidzala osatulutsa, kapena chingodontha osatha bwino. Mkodzo wokhalitsa ubala tizilombo, ndipo tikakwera ku impsyo thupi litentha, abale nkumayesa malungo. Masiku oyamba aika kapaipi kokhalitsa. Pambuyo pache ambiri amene manja ao ali bwino angathe kuphunzira kudzilowetsa okha kapaipi kotsuka bwino maola 4 kapena 6 alionse, mkodzo ukatha nkukachotsa. Njira imeneyi anailimbikitsa dotolo wa ku America, Jack Lapides, mu 1972, ataona kuti ukhondo wa sopo ndi madzi oyera ukwanira. Ena aleka kumwa madzi poopa kunyowetsa zogonera. Kumeneko ndi kudziitanira matenda. Matumbonso aphunzitsidwa kutulutsa pa nthawi imodzimodzi, ndipo ndiwo zamasamba, mapapaya ndi madzi zithandiza. Miyendo ndi manja akufa azipindidwa ndi kuongoledwa tsiku ndi tsiku, zimene ku chipatala ati mafizo, pakuti zikasiyidwa ziuma chipindire, ndipo munthu alephera ndi kukhala pa njinga komwe.

Pali china chimene dotolo wosaphunzira za msana angachiphonye. Munthu amene anabvulala m'khosi kapena kumtunda kwa msana, patapita miyezi kapena zaka, angayambe mwadzidzidzi kumva mutu waukulu wogunda, thukuta kumaso, mphuno kutseka. Si malungo ndipo si ufiti. Magazi athamanga kwambiri chifukwa kunsi kuli chinthu chimene chikupweteka thupi iye osachimva, kawirikawiri kapaipi kopindika kapena kotseka, kapena chimbudzi chouma m'mimba. Thandizo loyamba ndi kumkhazika tsonga, kumasula zobvala zothina, ndi kuona kapaipiko. Wodziwa athetsa zimenezi pa mphindi zochepa, koma kuchedwa kungaphe.

Ndipo pali mafunso amene wodwala achita nao manyazi, a za m'nyumba ndi za kubereka. Mai wobvulala msana angathe kutenga pakati ndi kubereka akayang'aniridwa ku chipatala. Dotolo wophunzira bwino aiyamba yekha nkhaniyi, mwamuna ndi mkazi ali pamodzi, osadikira kufunsidwa.

ALI KUTI MADOTOLO OTERE?

Maphunziro amenewa ndi nthambi payokha ya udotolo, monga iriri nthambi ya maso kapena ya ana. Dotolo wache sang'amba munthu. Nchito yache ndi kumbwezera ku moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu Africa muno madotolo otere akhala osowa kwambiri. Lipoti la 2011 la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena kuti atafufuza m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anapeza 6 okha, onsewo ku South Africa, pamene ku Ulaya analiko oposa 10,000. Bungwe lomwelo mu 2013 linati chaka chiri chonse anthu pakati pa 250,000 ndi 500,000 abvulala mtsempha wa msana pa dziko lapansi. Ku chisumbu cha Madagascar anapeza njira yao: pakati pa 2011 ndi 2013 madotolo a ku Leeds ku England ankapita kukaphunzitsa madotolo a komweko m'dziko lao lomwe, m'malo mowatumiza kunja zaka zambiri.

Kuno kwathu nchitoyi inayamba ndi poliyo. Bungwe la Malawi Against Polio, limene anthu angoti MAP, linayamba mu 1979 kuthandiza ana opuwala ndi nthendayo. Poliyo atachepa chifukwa cha katemera, linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, ndipo ndilo linatsegula malo a Kachere pafupi ndi Gulupu, a mabedi ngati 40, kumene obvulala msana ndi akufa ziwalo akhala akugonekedwa milungu kapena miyezi kuti aphunzire kutembenuka, kuchoka pa bedi kupita pa njinga, kusamba ndi kubvala okha. Pa Kachere pomwepo anayambitsanso sukulu ya othandiza pa mafizo. Sukulu ya madotolo ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2010 inayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo. Kuyambira 2021 iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Lilongwe chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION chinatsegulidwa mu 2023, ndipo mu May chaka chomwecho maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chithandizo chotere chikhale mbali ya nchito ya zipatala zonse, zazikulu ndi zazing'ono.

Zimenezi nzokondweretsa, koma yerekezani mabedi 40 ndi boma la Mulanje lokha, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 680,000. Ife tiona kuti dziko lifunikadi madotolo angapo ophunzira nthambi imeneyi mpaka kumapeto, koma phindu lao lalikulu lidzakhala kuphunzitsa ena, monga anachitira Dr. Blair pa za mafupa. Othandiza dotolo ndi anamwino a pa boma ndi a pa Muloza, ndi alangizi a zaumoyo amene ayenda m'midzi pa njinga, ndiwo adzamuona munthuyu zaka zonse zotsala. Mlangizi amene adziwa kuona kabanga kunsi kwa msana apulumutsa munthu ulendo wa ku Blantyre.

KUBWERERA KUMUDZI

Wophunzira wotsiriza ndinu, amene mudikirira wodwala ku chipatala, amene anamwino akutchani gadiyani. Musangokhala ku khitchini kuphika phala. Imani pafupi pamene akumtembenuza, gwirani nao, ndipo musanatuluke funsani kuti akuonetseni ndi manja: kutembenuza, kuika mapilo pakati pa maondo ndi kunsi kwa akatumba kuti zidendene zilendewere, kusamala kapaipi, kuchita mafizo. Funsaninso kumene muzikatenga mapaipi atsopano ndi tsiku lobwerera ku chipatala. Kutembenuza munthu maola 2 alionse usiku wonse mai mmodzi sangathe, ndipo akayesa adwala nayenso. Mutu umodzi susenza denga; gawanani mausiku pa mbumba, ndipo a mpingo ndi a mfumu adziwe.

Konzani nyumba iye asanafike. Mphasa pa dothi louma ndi mdani wa khungu lache, kotero pezani matiresi, ndipo nsalu zikhale zouma, zopanda makwinya ndi nyenyeswa. Khomo likuzidwe kuti njinga ilowe, ndipo pamene pali chitunda cha khonde pakhale potsetsereka. Chimbudzi chikhale pafupi, cha khomo lalikulu, ndi mpando woboola pakati umene mmisiri wa matabwa pa msika angakhome tsiku limodzi. Ku Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo njinga ya matayala ang'onoang'ono a m'chipatala ititimira m'matope. Ya magudumu atatu, yaitali kutsogolo, ndiyo iyenda bwino m'njira za kumudzi, makamaka ikakhala ya matayala a njinga wamba, amene okonza njinga a pa Limbuli awadziwa. Njinga iyesedwe pa thupi la mwini wache, ndipo isalandiridwe yopanda khushoni. Akakhalapo azidzinyamula ndi manja kapena kuwerama pang'ono mphindi 15 kapena 30 ziri zonse.

Mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, musamuike pafupi ndi moto, pakuti miyendo ipsya iye osamva. Mphini pa khungu losamva zisanduka zilonda zosapola, ndipo amene akulonjezani kuti alumikiza mtsempha mukampatsa mbuzi angokudyerani chuma chimene chikadagula matiresi. Munthu wa manja amphamvu angathe kusoka, kukonza njinga ndi mafoni, kapena kukhala pa sikelo kugula nandolo pa msika. Mwana wa sukulu abwerere ku sukulu.

Dziwaninso kuti si onse akufa miyendo amene anagwa. Chifuwa chachikulu, cha TB, chilowanso m'mafupa a msana nichiwadya pang'onopang'ono. Munthu amva msana milungu yambiri, aonda, atuluka thukuta usiku, nthawi zina pa msana patuluka kanundu, kenaka miyendo iyamba kulemera. Nthenda imeneyi ichizika ndi mankhwala a TB akumwa miyezi yambiri, amene m'zipatala za Boma apereka ulere, ndipo ambiri amene afulumira ayendanso. Wotere mupite naye ku chipatala sabata yomweyo imene wayamba kukoka mwendo, ndipo muwauze a chipatala za msanawo, za kuonda ndi za thukuta la usiku.